Tsiku Lomwe Ndinakana Bambo Anga pa Linga la Coventry

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene bambo anandilembetsa ku kampu ya achinyamata ongodzipereka, yokonza linga lakale la mzinda wa Coventry. Tinkakhala ku Hillfields, poyenda wapansi kuchokera pamalowo, ndipo panali patatha zaka zisanu chichokereni ku Dedza. Ine sindinkafuna. Inali holide yaitali, anzanga akupita kosambira, ine akuti ndikanyamule miyala masabata awiri.

"Khoma limenelo laima zaka mazanamazana," anatero bambo. "Pita ukaone mmene anthu ankamangira, uzidzandiuza."

Kwathu bambo anali mmisiri womanga ndi miyala. Anamanga maziko a matchalitchi ndi timilatho ta m'misewu ya kumudzi. Kuno ankakolopa mawodi pachipatala china ku Nuneaton, ndipo ine ndinali nditayamba kuiwala kuti manja awo anagwirapo ntchito ina.

Wotiyang'anira pakampupo anali Mayi Pauline, mzungu wamfupi wa zikhatho zokhakhala. Simenti sankaifuna n'komwe. Tinkasakaniza laimu ndi mchenga mu wilibala, n'kumaika miyala yofiirira m'malo mwa imene inafumbutuka. Laimuyo ankalowa m'magolovesi n'kumaluma zala. Komabe ndinayamba kusangalala, chifukwa ndinapeza mnzanga dzina lake Chloe, mtsikana amene aliyense ankafuna kukhala naye pafupi. Pamaso pake ndinkasamala kwambiri kalankhulidwe kanga.

Tsiku lachinayi masana, Mayi Pauline anandipatsa kachigawo kanga ka khoma. Ndinasankha miyala isanu ndi umodzi, ndipo kuti ilowe bwino ndinaiimika, mbali yake yosalala ikuyang'ana kunja. Zinkaoneka zokongola. Ndili mkati mosalaza, ndinamva mawu kuseri kwa mpanda wawaya.

"Tiyamike! Mwala suimirira, mwana wanga. Ugoneke."

Anali bambo. Anali atangotsika basi, akadali mu yunifomu yawo yotuwa, kachikwama ka chakudya kali m'manja. Nkhope yawo inali yowala monga ndinali ndisanaionepo kuno. Anatambasula chikhatho n'kuchigoneka m'mwamba, kundionetsa.

"Taona mizere yakeyo. Igone ngati mmene unagonera pansi. Ukauimika, mvula ilowa."

Ankalankhula mokweza, m'Chichewa, ndipo ana onse anatembenuka. Chloe anandikodola n'kufunsa akuseka kuti bambo ameneyo ndi ndani, nanga akufuna chiyani. Ndinayankha m'Chingerezi, mawu anga osanjenjemera ngakhale pang'ono, kuti ndi munthu wina wa kutchalitchi kwathu, amakonda kulankhulalankhula.

Bambo Chingerezi amamva. Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana khomalo, osati ine, kenako anasintha kachikwama kupita dzanja lina n'kumapita.

M'mawa mwake Mayi Pauline anaima pa kachigawo kanga nthawi yaitali. Anandiuza kuti ndigumule miyala yonse isanu ndi umodzi. Anati mwala woimika umamwa madzi m'mizere yake, ndipo chisanu chikabwera umasendeka mpaka kutha. Ndikukanganula matope ndi tchizulo, anandifunsa za munthu wa dzulo uja. Anati anamuona ali patali, ndipo kagonekedwe ka dzanja kaja ndi ka munthu wodziwa miyala. Anthu otero ndi osowa, anatero, ndipo akanakonda atabwera kudzathandiza kuphunzitsa ana Loweruka.

Chloe anali pomwepo, atagwira ndowa. Ndinati sindidziwa kumene munthuyo amakhala.

Kunyumba ndinkadikira chilango. Ndinkaganiza kuti bambo awauza amayi, ndipo amayi akanandikalipira mpaka anansi kumva. Sanawauze. Madzulo a tsiku limenelo anaona zala zanga zitang'ambika, anatenga botolo la mafuta odzola, n'kukhala nane pampando wa kukhitchini. Anandipaka chala chimodzichimodzi mofatsa.

"Uzisamba m'manja msanga ukamaliza," anatero. "Laimu amadya khungu."

Sanandifunsenso za khoma, ngakhale kuti masiku atatu oyamba aja ankandidikira pakhomo ndi mafunso: mchenga wake ndi wotani, mukuthira madzi ochuluka bwanji. Pa tsiku lotsekera kampu makolo anaitanidwa kudzaona ntchito yathu. Anabwera amayi okha. Bambo anati awapatsa shifiti, koma nditabwerera ndinapeza nsapato zawo za kuntchito zili pakhonde, zouma, chikhalirecho mvula inali itagwa tsiku lonse.

Uthenga wa Mayi Pauline ndinausunga zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamaliza sukulu nawo, ndinapita nawo ku yunivesite ku Birmingham. Nthawi iliyonse ndikafuna kuunena, ndinkaona kuti ndiyenera kuyamba ndanena za bodza langa lija, ndipo ndinkangousiya. Ndinadzaunena bambo atadwala sitiroko, dzanja lawo lamanja litafooka moti ngakhale supuni ankagwira ndi lamanzere. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kufotokoza zonse, ndikulira.

Ndinkayembekeza kuti alankhula za bodza lija, koma anafunsa china.

"Mayiyo anati ndimadziwa miyala?"

"Eya, bambo."

"Anangoona dzanja basi?"

"Eya."

Anamwetulira mbali imodzi ya pakamwa, imene inkagwirabe ntchito. Kenako anati, "Ukanandiuza, ndikanapita."

Mawu amenewo sanawanene mokwiya, n'chifukwa chake amandipwetekabe. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinalakwa kamodzi kokha, pamene ndinawachititsa manyazi pamaso pa ana anzanga. Lero ndikudziwa kuti cholakwa chachikulu chinali cha tsiku lotsatira lija. M'dziko muno, momwe anthu ankangowaona ngati wokolopa, munapezeka munthu mmodzi amene anawazindikira kuti ndi mmisiri, ndipo ine ndinaima pakati pawo kuti asakumane. Bambo anandikhululukira tsiku lomwe ndinapepesalo. Koma ma Loweruka amene akanagwira miyala dzanja likadali lamphamvu, amenewo ndinalibe poti n'kuwatenga kuti ndiwabwezere.