Sangweji ya alamu anga

Tinakumana Lolemba m'mawa, anzanga, makina a fotokope atandikanira ntchito. Ndimagwira mushopu yosindikiza mapepala, ndipo makina akafa timaitana okonza a chitseko chachitatu kuchokera pathu. Tsikulo kunabwera watsopano, wamtali, malaya ali ndi inki m'manja.

Atagwada kuseri kwa makina, m'mimba mwake munalira. Munalira ndithu, mpaka ine kumva ndili pakauntala!

"Si makina amenewo, asisi," anatero. "Ndi ineyo. Ndadzuka mochedwa."

Ndinaseka, n'kutulutsa sangweji m'chikwama, kumugawira theka. Analuma kamodzi n'kutsinzina.

"Mwapanga nokha?"

"Eee."

Kaliwu kamodzi komweko...

Chonsecho anapanga ndi alamu anga, akazi a achimwene omwe ndimakhala nawo. Kwathu m'mawa ndi liwiro lokhalokha, palibe amakhala pansi kuti adye, ndiye alamu amalawirira n'kutikonzera aliyense yake. Buledi amamuwotcha pachiwaya ndi majarini mbali imodzi. Dzira amalisakaniza ndi anyezi, akakazinga n'kulipinda kuti likwane pabuledipo. Tchizi amaika pansi pa dzira lotentha kuti asungunuke, soseji amaing'amba pakati, tomato amayamba amupukuta madzi kuti buledi asanyowe. Akatero amakulunga m'pepala, akuti pulasitiki imachititsa buledi thukuta.

Ine zonsezi ndinkangoonera ndikupesa tsitsi.

Mawa lake anabweranso, akuti kudzaona ngati makina akuyenda bwino. Mkuja wakenso chimodzimodzi. Ataona Baibulo langa pansi pa kauntala anayamba kunditcha a Mlaliki, ine n'kumamuti a Injiniya. Ndinali ndilibe wocheza naye, anzanga. Moyo wanga unali ntchito, kwaya, kunyumba. Ndiye munthu kumandidikirira pakhomo pa shopu, kundinyamulira mabokosi a mapepala, kundiperekeza pokwerera basi... mtima unapita.

Theka lija linasanduka sangweji yathunthu.

"Nanga iwe udya chiyani?" anafunsa.

"Ine ndikusala mpaka masana."

Bodza lachiwiri limenelo, ndipo ndinalowetsamo za Mulungu. Ndikagwada kupemphera pakamwa pankalemera. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndimuuza. Mawalo likafika, ndimuone akunyambita zala n'kumati, "Manja awa ndi odalitsika," mawu ankabwerera kukhosi.

Mwezi wachinayi anandigwira dzanja, kulitembenuza uku ndi uku akuseka.

"Koma serious, a Mlaliki, manja olephera kuchotsa pepala lokodwa m'makina ndi amene amapinda dzira chonchi? Zoona umapanga wekha?"

Mpata unali umenewo. Tikanangoseka tonse nkhani n'kutha.

"Pamaso pa Mulungu," ndinatero. Sindinaphethire n'komwe.

Loweruka lina masana anabwera kunyumba kuti achimwene amudziwe. Anavala malaya oyera, anakhala kunsonga kwa mpando. Zonse zinkayenda bwino mpaka alamu atabweretsa tiyi.

"Mlongo wanuyu munamuphunzitsa bwino, achimwene," iye anatero. "Sangweji zake zandinenepetsa."

Alamu anaika thireyi pansi, manja m'chiuno.

"Ndani? Uyu? Uyu dzira amalikazinga ngati linamulakwira! Ndiye sangweji zanga zimathera kwa inu eti? Ine kudandaula kuti mwana akuwonda, mpaka kumuwonjezera soseji!"

Achimwene anaseka mpaka kutsamwa. Iyenso anaseka, koma kuseka kwa ulemu chabe. Sanandiyang'ane.

Ndinamuperekeza mpaka pageti.

"Sorry," ndinatero. "Ndimaopa kuti ukadziwa usiya kubwera."

"Ine ndimabwerera buledi?"

Anatsegula geti n'kutembenuka.

"Za sangweji ndi zazing'ono, ndakukhululukira," anatero motsitsa mawu. "Koma unalumbira, iwe. Nkhope yako inali yomwe ija umavala ukamandiuza kuti umandikonda. Ndiye ndizisiyanitsa bwanji?"

Sanakalipe, anzanga. Bola akanakalipa.

Lolemba sanandidikire pakhomo. Mameseji anga ankayankha, koma mwachidule: "Ndili busy." Makina atafanso kunabwera mnzake wachikulire, wosalankhula.

Ndinapita kwa alamu misozi ili m'maso. Sanandisekenso. Anandipatsa chiwaya n'kuima pambali panga milungu iwiri.

"Chepetsa moto, mlamu, si udani. Usalitembenuze msanga, lidikire ligwirane. Tomatoyo wapukuta?"

Ndinapsereza buledi wambiri. Achimwene ankadya zopsererazo akudandaula kuti akulipira machimo a eni. Koma linafika tsiku loti alamu analuma n'kugwedeza mutu, "Basi, wakhoza."

M'mawa umenewo ndinakonza ina ndi manja angawa, kuikulunga m'pepala, kupita nayo kushopu kwawo ikadali yofunda. Ndinamupeza ataweramira pulinta, zitsulo zili mbwee patebulo.

"Iyi ndapanga ndekha," ndinatero. Ndinatsala pang'ono kulumbiranso, ndinadziluma lilime.

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana mwachifundo, monga timayang'anira kasitomala yemwe wabwera titatseka kale.

"Zikomo, asisi. Ndadya kale."

Asisi...

Ndinabwerera kwathu kushopu, kulowa kachipinda kosungira mapepala, kukhala pabokosi. Ndinaidya ndekha. Inali yokoma, anzanga, ndipo panalibe womuuza.

Mpaka lero ndimadyera momwemo, chitseko chotseka, kuti ndisamuone akudutsa. Kwa Mulungu ndinalapa, ndipo ndikhulupirira anandimva, pakuti Iye amaona mumtima. Koma munthu mnzako mumtima saonamo. Ali ndi mawu ako okha basi, ndipo anga ndinawathera pa buledi ndi dzira.