Bere la Tikambenji

Loweruka ndinapita ku Sinda kukaona mng'ono wanga Tikambenji, amene ali ndi khanda. Ndinamupeza atakhala pakhonde, akupatsa mwanayo madzi a shuga ndi sipuni. Atatsegula chitenje, ndinaona vuto lake. Bere lakumanja linali litatupa ngati papaya, likutentha, ndipo pamwamba pake panali mphini zatsopano.

“Mwana anageyera bere,” anatero. “Anthu akuti mkaka wonse waola, ndisamuyamwitse.”

Ndinamufunsa za kuchipatala. Anayang'ana pansi.

“Akulu, mukufuna akandidule bere ngati Amake Yohane?”

Amake Yohane anali mnansi wathu ku Katete, ndipo yawo inali khansa. Koma mantha safunsa dzina la nthenda.

Ndinamukokera kuchipatala, iye akulira njira yonse. Namwino anatifotokozera mosabisa kuti chinali chithupsa. Mayi akafulumira bere likangoyamba kufiira, mapiritsi amakwanira. Mafinya akasonkhana, amawakoka ndi jakisoni. Chikakula, amang'amba pang'ono kuti atuluke, kenako amatsuka bala mpaka lipole. Bere silidulidwa. Mwana nayenso salekezedwa: amayamwa mbali inayo, ndipo yodwalayo imafinyidwa ngati sangathe kuyamwako.

Cha Tikambenji anachita kung'amba, poti chinali chitakhwima. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, paja amatero akuluakulu.

Ndakhala ndikulingalira sabata yonseyi. Ife amayi timadabwitsa. Lezala ya mphini timaipirira mwakachetechete, koma tikamva za mpeni wa dokotala timathawa. Chifukwa chiyani? Mwina n'chifukwa chakuti nkhani ya amene anabwerako alibe bere imayenda mudzi wonse, pamene amene anachira amangovala bulauzi n'kukhala chete. Kodi ndani anaimapo pachitsime n'kunena kuti, “Ine anandichotsa mafinya, ndipo mwana wanga ndi uyu”?

Amene amalangiza Tikambenji sanali adani. Ndi amayi omwe amamutungira madzi ali chikuta. Chimenechi ndicho chikundipweteka kwambiri.

Bala likuuma tsopano. Koma mkaka ukutuluka modontha, ndipo mwana ataikidwa pasikelo, namwino anapukusa mutu n'kunena kuti agonekedwe. Pamene ndikulemba, akadali komweko.

Bere talipulumutsa. Tsono inu amene munachira mwakachetechete, khanda lotsatira likamamwa madzi a shuga pakhomo loyandikana nanu, mudzakhalabe chete?