Mitanda ya Mzere Wakumunsi

Anthu ankangowatchula kuti Apenti. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi achemwali awo okha. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani za masitolo ndi manambala a pazitseko, koma makamaka mayina a pamitanda ya kumanda a tchalitchi chakale. Anali ndi dzanja lofatsa. Akafika pa chaka cha imfa ankayamba apuma kaye, napukutira burashi pa ovolosi, ngati akupepesa.

Kagwiridwe kawo kanali kotere. Mitanda yachitsulo ikachita dzimbiri, ankaizula mzere wonse ndi kuikankha pa wilibala kupita nayo kukashedi kawo. Pamene azula mtanda ankakhomapo chikhomo cha mtengo cholembedwa nambala, ndipo nambala yomweyo ankailemba ndi choko kumsana kwa mtandawo. Akapala dzimbiri, kupaka ndi kulemba, ankabwezera uliwonse kwa mwini wake. Kwa zaka zambiri sanasokonezepo.

Chaka china anazula mitanda isanu ndi inayi ya mzere wakumunsi, mzere umene munagona mayi awo owabereka. Asanaigwire n'komwe anagwa ndi nthenda ya m'chifuwa, nakagona kuchipatala miyezi iwiri. Potuluka anapeza wina atatentha udzu wa kumanda pofuna kuyeretsa. Zikhomo zinali phulusa. Kushedi nako denga linadontha ndi mvula yoyamba, choko n'kutsukika. Manda a mayi awo ankawadziwira kachitsamba ka maluwa ofiira, nako kanapsa mpaka mizu. Mitumbira inangoti bii, yotitimira, yofanana ngati mizere ya m'munda wogonera.

Apenti anabzala mitandayo mongoganizira, naitsekera nkhaniyo m'mimba.

Patapita zaka achemwali awo, amene anakwatiwa kutali, anabwerera ali wamasiye. Loweruka lililonse ankapita kukazula udzu pamtanda wa mayi, kuwauza za mawondo awo otupa ndi za adzukulu osamva. Apenti ankawanyamulira khasu, maso ali kumbali.

Kumunsi kwa mandawo kunali chigwembe chimene chinkakula chaka ndi chaka. Chitafika mikono iwiri kuchokera pamzerewo, mkulu wa mpingo analengeza kuti amene ali ndi m'bale kumeneko amusamutsire kumtunda mvula isanagwe.

"Tikawaika pambali pa bambo," anatero achemwaliwo. "Ine ndidzagona kumapazi kwawo. Mukundimva, achimwene, kapena penti inakulowani m'makutu?"

"Ndamva, achemwali."

M'mawa mwake Apenti anapita kwa mlembi wa mpingo. Buku la omwalira linali m'kabati, lonunkha mphemvu, m'mbali mwake mutadyedwa ndi chiswe. Malo a manda sanalembedwemo, koma masiku analipo. Mlembi anati kale anthu ankaikidwa motsatana, aliyense pambali pa amene anatsogola. Apenti anayendetsa chala pamayina asanu ndi anayi aja. Mayi awo anali achinayi. Iwo mtanda wa mayiwo anaubzala pachisanu ndi chimodzi kuwerengera kunjira, pamene kuwerengera kumpanda ndi pachinayi.

Koma kodi okumba manda ankayambira kumpanda kapena kunjira? Mlembi anatukula mapewa. Wodziwa anatsala mmodzi, Afosholo, amene anakumba manda kumeneko moyo wawo wonse. Tsopano anali osaona, ankangokhala pakhonde la mwana wawo.

"Fungo la tinala limenelo ndi Apenti," anatero Afosholo. "Mwabwera kudzandilemba dzina ndili moyo?"

"Lanu ndi lalitali, lingandithere penti. Ndabwera kudzafunsa za mzere wakumunsi. Munkayambira kuti?"

"Kumpanda."

"Motsatana?"

Afosholo anaseka mpaka kutsokomola. "Motsatana n'za m'buku zimenezo, bwanawe. Mzere umenewo uli ndi thanthwe. Piki ikalira, tinkadumpha kukakumba pofewa. Kukagwa mvula nthaka n'kufewa, tinkabwerera m'mbuyo kudzaza mipata. Maliro sadikira thanthwe."

"Nanga mayi anga? Chaka cha dzombe lija, mwezi wozizira."

"Ndikukumbuka kuti munalira mpaka kugwera m'dothi langa. Koma dzenje lake, ayi. Ndakumba ambiri, mwana wa amayi. Onse ndi akuya mofanana."

Apenti anabwerera pang'onopang'ono, akupumira pamipanda ya eni. Anapeza achemwali awo akusita nsalu yoyera yokakulungira mafupa. Anakhala pampando wa pakhomo, navula chipewa, nanena zonse: zikhomo, moto, choko, thanthwe.

Achemwaliwo anaimika simbi.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikulimira mayi a ndani?"

"Sindikudziwa."

"Zanga zonse zija ndinkauza ndani? Za malemu amuna anga zija, zimene sindinauzepo munthu?"

"Mwina ndi iwo omwe. Mwina ndinalasa."

"Mwina! Munthu wamkulu, imvi mbuu, mukuti mwina?"

Anapita onse awiri kwa mkulu wa mpingo kukapempha kuti asamutse mzere wonse. Mkuluyo anamvetsera mwaulemu, napukusa mutu. Kumtunda kunatsala malo atatu okha, ndipo amoyo nawo ankawayembekezera. Abale a enawo anabalalika kalekale, panalibe wobwera kudzafunsa. "Lozani amodzi," anatero, "tikumba mawa."

Anaima pamzerewo dzuwa lili paliwombo, nkhalamba ziwiri ndi ndodo zawo. Apenti anayang'ana zilembo zawo zomwe, zowongoka bwino, zosalakwika ndi chimodzi chomwe.

"Lozanitu," anatero achemwaliwo. "Si ndinu wolemba?"

Dzanja la Apenti linakwera pang'ono, n'kubwerera.

"Mlendo sindimugoneka pambali pa bambo," anatero achemwaliwo, natembenuka kumapita.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi ukali. Pofika mwezi wachiwiri chigwembe chinali chitameza manda atatu a pakati. Achemwali aja sanapondeko phazi, ndipo kunyumba ankangowapatsira mbale osayankhula. Apenti ankapitabe okha. Ankaima m'mphepete mwa phompholo, kuyang'ana madzi ofiira, kenako kuyang'ana mitumbira isanu ndi umodzi yotsalayo, osadziwa kuti alire kapena adikire mvula ina.