Tsiku limene ananditsitsa m'lole ya timu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mphuno ya mwana wa eni. Ndinali nditangomaliza maphunziro a chithandizo choyamba kutchalitchi kwathu ku Mwenilondo, ndipo Loweruka lina ndinapita kukaonera mpira. Wosewera wina anagundidwa ndi chigongono, magazi chuchuchu, anzake n'kumugoneka chagada. Ndinalowa m'bwalo osaitanidwa, ndinamukhazika tsonga, kumuweramitsa, n'kumutsina mphuno mpaka magazi analeka. Mpira utatha, a Mwangonde, wapampando wa timuyo, anandiitana. "Iwe Tumpale, uziyenda nafe. Ya sopo tizikupatsa."

Anandipatsa bokosi la ayezi ndi chikwama. M'chikwamamo munali mabandeji, pulasitala, thonje, magolovesi, sizasi ndi mafuta opaka minofu. Ayezi ndinkagula kwa Che Saidi, a ku Mangochi, amene ali ndi golosale pamsewu. Munthu akabinya mwendo umamuvula nsapato, kuona ngati fupa lili m'malo, kuika ayezi wokulunga m'kansalu, kenako kumanga bandeji kuyambira kuzala kukwera nayo, osathinitsa.

Timuyo inalinso ndi dokotala wina. Tinkangomutchula kuti Mjomba, bambo wa kutsidya kwa Songwe woyenda ndi kachikwama kachikopa. Iye ndiye ankakwirira tizithumwa patsinde pa golo. Sindinkalimbana naye, aliyense anali ndi chikwama chake.

Tsiku la ndime yotsiriza ya chikho tinkapita ku Iponga. Lole inaima pagolosale ya Che Saidi, ndipo anthu anabwera ambiri kudzatiperekeza, amayi anga ali pomwepo. Macheza anayamba ndi Gwamaka, goloboyi wathu, amene sanachape sokosi zake chiyambireni chikhocho poopa kutsuka mwayi.

"Gwamaka, ntchentche zako wazilipirira thiransipoti?" anakuwa Lusekelo, mnzanga wa ubwana.

Che Saidi nawo anathira ndemanga. "Mjomba, mankhwala anuwa akanakhala ogoletsa, bwenzi mukukwera ndege, osati lole ya mpunga!"

Anthu anafa nalo phwete, Mjomba nkhope gwa. Ndiye Lusekelo, posadziwa kuti akundiputira mavu, anawonjeza kuti, "Taonani, Tumpale watsamira kachikwama ka Mjomba! Sasuluka mankhwalawo?"

Mjomba anapeza poponyera manyazi ake. "Mkazi m'galimoto ino lero, yayi," anatero.

"Khira, iwe!" anakalipa Gwamaka. "Tsika! Ukufuna tiluze?" Ananyamula bokosi langa n'kulitsitsira pafumbi. Ameneyu ndi munthu amene ndinkamumanga zala sabata ndi sabata. Ndinayang'ana a Mwangonde, iwo maso ali pafoni. Ndinatsika ndi chikwama changa. Lole inanyamuka anthu akuimba, ndipo amayi anga anadziphimba kumaso ndi chitenje. Sindinalire. Mtima unkangotentha, ndipo ndinalumbira kuti anthu amenewa andiona.

Che Saidi ankapita ku Songwe kukaoda katundu, njira yodutsa ku Iponga komweko. "Kwerani, chemwali," anatero. "Galimoto yanga siopa azimayi."

Ndinafika ku Iponga matimu akutenthetsa thupi. Malo amene Mjomba ankakwirira zinthu zake ndinkawadziwa, patsinde pa mtengo wakumanzere wa golo. Ndinadutsa pakati pa bwalo osathamanga, ndinakhazika bokosi langa pamalo omwewo, n'kukhalapo. Ndinatsamira mtengowo, ndinasenda nthochi n'kudya. Pamene woyimbira mpira ankabwera kudzandichotsa, ntchito inali itatha kale. Mjomba anagwira manja kumutu. Gwamaka ankandiyang'ana ngati waona mzukwa.

Chigawo choyamba anamumwetsa zigoli zitatu, china chinadutsa pakati pa miyendo. Maso ake sanali pampira, ankangocheukira patsinde paja. Sindinama, ndinasangalala. Chigoli chilichonse ndinkaomba m'manja pamodzi ndi a ku Iponga.

M'chigawo chachiwiri Gwamaka anawombana ndi wosewera wa timu ina n'kugwa, atagwira mwendo. Mjomba anathamangirako ndi lezala ndi kaufa kakuda kuti amutemere. Ululu suona mwambo. Bwalo lonse linamva Gwamaka akukuwa, "Tumpale! Itanani Tumpale!"

A Mwangonde anabwera pomwe ndinakhala. Foni ija tsopano inali m'thumba. "Mama, tithandizeni."

"Ndine mkazi, dada. Ndimusulutsa mwendo."

"Chonde, mama. Mwana akuvutika."

"Bokosili munalisiya pafumbi inu mukuona. Linyamuleni."

Analisenza paphewa, bambo wa jekete, ine pambuyo ndikuyenda mwachifatse, ochemerera a ku Iponga akuimba mluzu. Nditagwada, ndinamuvula Gwamaka nsapato. Fungo la sokosi ija linandilandira. Ndinapapasa fupa, linali m'malo, anangobinya basi. Sokosiyo ndikanatha kuivula bwinobwino, pakuti mwendo unali usanatupe kwenikweni. Ndinatulutsa sizasi.

"Yayi, Tumpale, sokosi yayi!"

Ndinaidula kuyambira m'bondo mpaka kuzala, n'kuiponya pamapazi a Mjomba. Kenako ndinaika ayezi, ndinamanga bandeji monga mwa nthawi zonse, osathinitsa, chifukwa mwendo sunandilakwire.

Chikho chinatsala ku Iponga. Pobwerera a Mwangonde ananditsegulira okha chitseko chakutsogolo kwa lole, pampando wawo. Ndinawabwezera bokosi ndi chikwama chawo, n'kukaima pamsewu kudikira Che Saidi. Lusekelo anabwera kunyumba kudzapepesa, ndipo iye ndinamukhululukira, chifukwa pakamwa pake m'pomwe panaterereka. Enawo ayi.

Papita zaka tsopano, ndipo ndagwira ntchitoyi m'matimu angapo. Wovulala sindimukana, ngakhale akhale mdani wanga. Koma galimoto imene ananditsitsamo sindikweranso. Gwamaka amayenda bwinobwino ndi mwendo umene ndinamanga ine, ndipo akandiona pamsika amawolokera mbali ina ya msewu. Ine ndimamukuwira konko kuti, "Gwamaka, sokosi unachapa?"