Kamtengo Pakamwa pa Vavula

Ku Ntengo-Wambalame kuli bambo ena achikulire, olima kachewere, amene salola dontho la madzi kugwa pachabe. Madzi osambira amathirira anyezi, otsukira mbale amapatsa nkhumba. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, kumene ankafola pamjigo ndi ndowa imodzi. Mpaka lero mdzukulu akasiya mpopi ukudontha, mawu awo ndi amodzi: "Iwe sunafolepo."

Mwana wawo atawagulira bomba yamagetsi yopopa madzi pachitsime, mmisiri wina, mestre Belmiro, anawaikira pakhonde thanki yachitsulo, yokhala ndi mpweya wokankha madzi kuti azituluka mwamphamvu. Pambali pake anamangapo vavula yolavula madzi mphamvu ikachuluka. Tsiku lina vavulayo inayamba kulavula osalekeza. Bambowo mtima unawapweteka. Anasema kamtengo n'kukhomera pakamwa pake.

Belmiro atadutsa kudzaona bomba, anangoyang'ana thankiyo n'kuthamangira kukazimitsa magetsi.

"Bambo, bomba yanu yasiya kudzizimitsa yokha," anatero. "Vavulayi ndiyo imapulumutsa thanki. Mukaitseka chonchi, thankiyi iphulika."

Bambowo anacheukira adzukulu awo awiri amene ankaumba ng'ombe zadothi atatsamira thankiyo. Anadikira Belmiro atsegule mpopi kuti mphamvu ithe, kenako anazula okha kamtengo kaja.

M'mawa mwake anawokera kabichi pansi pa vavula, kuti madzi akamalavulidwa asapite pachabe. Koma Belmiro anali atakonza bomba, ndipo vavula sinadonthenso. Masiku ano bambowo amathirira kabichiyo ndi ndowa, uku akudandaulira aliyense wodutsa kuti mestre ameneyu anakonza mopitirira muyeso.