Chijasi cha m'siling'i

Nyumba yathu yoyamba ku Bradford inali ya mumdadada, yogundana khoma ndi za anzathu, ndipo inkazizira ngati tinayilakwira. Tikayatsa hita m'mawa, pofika masana kutentha konse kwathawa. Ine ndinakulira ku Dedza, kuzizira ndimakudziwa, koma uku kunali kwamwano. Ndikaweruka kuchipatala komwe ndinkagwira ntchito ya unamwino, ndinkaphika nditavala jekete, ana n'kuwakalipira nditavalabe jekete.

Koma chomwe chinkandisowetsa mtendere chinali chijasi cha bambo anga. Ndinawagulira chaka chomwe tinalowa m'nyumbamo, chakuda, cholemera, chofika m'mawondo, chifukwa chimwalirireni mayi, bambo ankadandaula kuti mphepo ya mu June ikuwalowa m'mafupa. Ndinawauza pafoni kuti chikubwera. Panatha zaka ziwiri chili m'katoni, m'siling'i mwathu.

Amene mumakudziwa kwathu simungandifunse chifukwa. Sungatumize chinthu chimodzi kwa munthu mmodzi. Azakhali adzati nanga ine, alamu adzati tinalakwanji, ana a achimwene adzaima pakhomo maso ali pakatoni. Ndiye umasonkhanitsa, nsapato za uyu lero, diresi la uyo mwezi wamawa. Ukati wamaliza, umangomva kuti kwabadwa mwana. Makatoni anachuluka m'siling'imo, ine ndikudikira kuti aliyense akhale ndi kake, ndidzatumize zonse pamodzi pakontena.

Tinali ndi aneba, mzungu wachikulire amene anapuma pantchito ya zomangamanga. Tsiku lina kutagwa sinowo anandiimitsa panja n'kundilozera madenga a mumzere wathu. Onse anali mbuu, lathu lokha linali lakuda, madzi akuchucha.

"Hita yanu ikuwothetsa nkhunda," anatero.

Anandifotokozera kuti kutentha kumakwera m'mwamba, ndipo ngati m'siling'i simunayalidwe kanthu kumangotulukira kudenga. Mankhwala ake ndi mipukutu ya chithonje chokhuthala, choyabwa, chomwe amachitcha insuleshoni. Ndinapsa mtima kumva kuti nyengo yonseyi tinkafunditsa mbalame. Sabata yomweyo tinakagula.

Loweruka ine ndi amuna anga tinakwera pamakwerero, titavala magolovesi ndi zotseka pamphuno. Makatoni tinawakankhira mbali imodzi. M'siling'i suponda paliponse, umayenda pamitanda yokha, ukaphonya mwendo umatulukira kuchipinda chogona. Tinayala chithonjecho pakati pa mitanda, kenako china mopingasa pamwamba pake. Chinkayabwa ngati chitedze. Amuna anga ankafuna kupumula kaye, ine ayi, ndinkafuna zithe lero lomwe.

Nditakwawira kumapeto, komwe denga limakumana ndi khoma, ndinaona kuwala kukulowa ndipo kamphepo kanandiwomba kumaso. Mpata, mzere wonse!

"Aneba anati pamenepo tisiye gap," anatero amuna anga.

"Gap ya chiyani? Tikutseka nyumba kapena tikuitsegula?"

"Ine ndangonena zomwe ndinamva, mayi."

"Inu munaonapo kuti nyumba yosiyidwa chonchi? Mundipatse ndodo ya mopuyo."

Kwathu mpata wa pakati pa khoma ndi malata timamata. Ndipomwe pamalowera fumbi, mileme ndi mphepo, ndipo ndili mtsikana ndinkawapatsira bambo dothi iwo ali pamwamba akumata. Ndiye ndinakankhira chithonje m'mipata monse, pomwe chinaperewera ndinatsekapo ndi masiketi akale. Makatoni tinawaika pamatabwa, ya chijasi, poti inali yakalekale, inapita kumapeto kwenikweni. Amuna anga anangoti, "Chabwino, a foromani," n'kutsika kukasamba.

Nyumba inafundadi. Ana anayamba kuyenda opanda masokosi, ine ndinavula jekete, ndipo kutchalitchi ndinkalangiza aliyense ngati katswiri. Koma mtima sunakhale pansi. Ndikamva kufunda pabalaza ndinkakumbukira nyumba ya bambo, ya simenti pansi, mphepo ikutsika m'phiri. Ndikaimba foni ankakhosomola kaye, kenako n'kufunsa mwaulemu ngati akupempha kwa mlendo.

"Chija chili panjira, mwanangu?"

"Chili panjira, bambo."

Ndinkanama, ndipo bodzalo linkandiwawa tsiku lonse.

Mu March ndinati basi, zikwane zisakwane ndikutumiza, zikafike June asanalowe. Nditangotsegula kachitseko ka m'siling'i, fungo linandilandira. Kunsi kwa denga kunali madontho okhaokha, akugwa limodzilimodzi. Makatoni anali atafewa ngati buledi wonyikidwa m'tiyi. Ndinakwawa mpaka kumapeto n'kutsegula katoni ya bambo. Chijasi chinali chitachita chuku, chobiriwira kuyambira kolala mpaka m'matumba, ndipo nsalu yam'kati inang'ambika nditangoikoka.

Aneba anakwera pang'onopang'ono ndi tochi. Anasolola siketi yanga imodzi pampata, n'kuiyang'ana, osaseka. Bola akanaseka. Anati nthunzi ya m'khitchini, ya kubafa ndi ya zovala zomwe tinkayanika m'nyumba imakwerabe m'mwamba. M'siling'i tsopano munali mozizira chifukwa kutentha kunkatsalira pansi, ndiye nthunziyo ikasowa potulukira imasanduka madzi. Mpata uja omanga nyumba anauika dala kuti mphepo izidutsa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ameneyo ndinali ine.

Atatsika ndinakhala pamtanda n'kulira. Amuna anga sananene kuti ndinakuuzani. Anangondipatsira ndodo ya mopu yomwe ija, ndipo ndinatsegula mipata yonse ndekha.

Ochapa zovala anati chijasicho sichingapulumuke. Ndinagula china, koma mudziwe kuuma mutu kwanga: ndinayambanso kuwerengera amene katundu wawo waonongeka, kuti ndibwezeretse kaye zonse. Kontena inapita ine ndikusankhabe nsapato za alamu. June ameneyo bambo anagona ndi chifuwa, ndipo amene anandiuza ndi achimwene, bambowo sananene.

Apo m'pamene manyazi anandithera. Mayi wina wakutchalitchi ankapita kumudzi mu October, ndinamupatsa chijasicho chokha, popanda ngakhale mpango wa munthu wina. Madandaulo a azakhali anandipeza zikomo asanafike. Ndinawamvera mpaka anatopa okha.

Lamlungu lotsatira achimwene ananditumizira chithunzi pafoni. Bambo ataima pakhomo pa tchalitchi, dzuwa la October lili ng'aa, anthu ena onse ali m'malaya a manja aafupi. Iwo ali m'chijasi, mabatani atamanga mpaka m'khosi, thukuta likuwala pamphumi. Chinali chitawakulira m'mapewa, poti ndinagula saizi ya munthu amene ndinamusiya zaka zapitazo. Ndinaimba nthawi yomweyo.

"Bambo, vulani chimenecho, mukomoka! Sungani mpaka June."

Anaseka, n'kukhosomola pang'ono.

"Ndachidikira zaka zitatu, mwanangu. Za June amadziwa ndi Mulungu, ine ndavala lero."