Njinga yopanda kiyi

Achimwene, lero chakwana chaka. Ndikukumbukabe tsiku limene njinga yamoto yakalekale ija, munagula kwa mdala wa ku Woodlands, inalira koyamba, mutaipala dzimbiri mpaka zala kusupuka. Inalibe kiyi, ndiye munagunditsa mawaya awiri n'kukuwa kuti, "Kwera mlongo wanga, tikazungulire Kabwata!" Utsi kuti tolo, ife kuseka ngati ana.

Mawaya omwewo ndiwo anakuphetsani. Ku Chelstone wina anakuonani mukuwagunditsa, n'kukuwa kuti, "Kawalala! Wakuba!" Palibe anafunsa. Anakuswani mutu ndi njerwa pambali pa njinga yanuyanu. Dzulo ndinadutsa pamalopo. Mayi amene ndinamuona atanyamula njerwa pa vidiyo imene anthu anajambula tsikulo anandiitana ali pa malonda ake, akumwetulira, "Tomato, ba sisi!" Ine ndinangoyang'ana manja akewo.